Nyumba ya Firiauna Inali ya Zidina



Tsiku lina titangoswali Asr tinali kuphunzitsa ana a kalasi yaikulu mbiri ya Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye). Tinafika paja khanda linatoledwa mumtsinje n'kukaleredwa m'nyumba ya Firiauna. Mnyamata wina wa zaka 13, amene m'mwezi uno amakonda kukhala kumbuyo n'kumawodzera ndi njala ya swaumu, anakweza dzanja.

"Ustadhi, nyumba imeneyo ine ndinalowamo."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Iye sanaseke nawo. Anati nyumbayo ili ndi masitepe ambirimbiri, nsanamira zake n'zotalika kuposa mzikiti uliwonse wa kuno, pansi pake m'ponyezimira, ndipo iye anakwera mpaka padenga n'kuona nyanja. Achimwene ake ali ku Joni, monga alili anyamata ambiri a kuno ku Mangochi, ndipo anatumiza PlayStation ndi magemu angapo. M'modzi mwa magemuwo ndi mmene analowera m'nyumba ya mfumu ya Iguputo. Phwete litatha, mtsikana wina wanzeru zake anaponya mawu amene anatipweteka kuposa kusekako: "Koma anthu amenewo ndiye ankamanga. Ife makolo athu ankangodziwa zidina ndi udzu."

Mawu a mtsikanayu ndi amene atilembetsa nkhaniyi. Sitinamuyankhe tsiku lomwelo, chifukwa kuyankha mwana mopupuluma pa chinthu chimene iye wachiona ndi maso, iwe usanachione, ndi kudzichotsa ulemu wekha. Loweruka lotsatira tinapempha bambo a mnyamata uja kuti tikaone nawo, ndipo tinakhala pamphasa kutsogolo kwa kanema kwa ola lathunthu.

Gemuyo dzina lake ndi Assassin's Creed Origins. Inatuluka mu Okutobala 2017, ndipo anaikonza ndi a kampani ya Ubisoft ku Montreal m'dziko la Canada. Wosewera amakhala munthu wotchedwa Bayek wa ku Siwa, yemwe akufunafuna amene anaphetsa mwana wake. Tinene mosabisa kwa makolo: iyi ndi gemu yophana, ndipo pabokosi pake palembedwa kuti ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Katundu akafika kuchokera ku Joni muziyamba mwayang'ana nambala imeneyo musanapereke kwa mwana. Koma mu Febuluwale 2018 eni gemuyo anaonjezeramo gawo lotchedwa Discovery Tour, lopanda nkhondo, momwe munthu amangoyenda m'mizinda n'kumamvera maphunziro 75 a mbiri ya dzikolo. Gawo limenelo ndi limene ife tinaona, ndipo sitikana, ntchito yake ndi yogometsa. Madzi a m'ngalande, asodzi, amayi osenza mitsuko, mbalame za m'bango, zonse zimaoneka ngati uli pa Shire m'mawa.

Funso n'lakuti: nyumba imene mwana uja analowamo ndi ya yani?

Nkhani ya gemuyi ikuyambira m'chaka cha 49 BC, kutanthauza zaka 49 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe monga mwa kawerengedwe kofala. Inali nthawi ya Mfumukazi Cleopatra, amene ankalimbirana ufumu ndi mlongo wake Ptolemy XIII pamene Julius Caesar wa ku Roma anafika m'dzikomo mu 48 BC. Nyumba yachifumu ya masitepe ija ndi ya mumzinda wa Alexandria, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Mzindawo anauyambitsa ndi Alexander wa ku Macedonia mu 331 BC, ndipo banja la Ptolemy limene linalamulira kumeneko zaka pafupifupi 300 linali la Agiriki, lolankhula Chigiriki, lomanga mwa Chigiriki. Mafumu amene olemba mbiri ambiri amawaganizira kuti ndi a nthawi ya Mneneri Musa anakhalako cha m'ma 1200 BC, zaka pafupifupi 900 Alexandria asanakhazikitsidwe. Choncho Firiauna wa m'nkhani yathu ya kumadrassa sanapondemo m'nyumba imeneyo, ngakhale kumva dzina la mzindawo. Iguputo wakale si nyengo imodzi. Piramidi yaikulu ya ku Giza inamangidwa cha m'ma 2560 BC, Cleopatra anamwalira mu 30 BC. Mukawerengera mupeza kuti Cleopatra ali pafupi ndi ife amene tili ndi mafoni m'matumba kusiyana ndi amene anamanga piramidiyo. Gemu imaphatikiza zonsezi pa sikirini imodzi, monganso imafupikitsira dziko: pa hatchi ya m'gemu, ulendo wochoka ku Alexandria kufika ku Giza ndi wa mphindi zowerengeka, pamene mtunda weniweni ndi woposa wochoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre.

Chinanso, palibe munthu wamoyo amene anaionapo nyumba ya ku Alexandria ija. Strabo, wolemba wa Chigiriki amene anafika mumzindawo patangopita zaka zochepa Cleopatra atamwalira, ananena kuti nyumba zachifumu zinatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a mzinda, mwinanso limodzi mwa atatu. Koma zivomezi, mafunde aakulu a m'chaka cha 365 ndi kutitimira kwa nthaka zinamiza mbali yaikulu ya malowo. M'zaka za m'ma 1990 Mfalansa wina, Franck Goddio, ndi anzake odziwa kumira anapeza pansi pa doko zidutswa za nsanamira za mwala wofiira, miyala yoyala pansi ndi ziboliboli. Zimene mwana wathu anakwera ndi chithunzi chimene akatswiri ojambula analumikiza kuchokera ku zidutswa zotere, ku mawu a olemba akale ndi ku nyumba zina za Agiriki. Eni gemuyo sabisa kuti pena anasankha okha. Mu Discovery Tour amavomereza kuti anaika anyamata ndi atsikana m'kalasi imodzi ngakhale kuti kalelo sizinali choncho.

Tsono tisiye Agiriki, tibwerere m'mbuyo kwa mafumu enieni otchedwa Firiauna, amene abale athu Achikhristu amati Farao. Dzinalo palokha ndi nyumba. Likuchokera ku mawu a Chiiguputo akuti per-aa, kutanthauza nyumba yaikulu. Poyamba mawuwa ankanena za nyumba yeniyeniyo ndi anthu ake, ndipo ndi m'zaka za pambuyo pa 1500 BC pamene anayamba kutchulira mfumuyo. Ife izi siziyenera kutidabwitsa. Mawu akuti boma poyamba ankatanthauza mpanda kapena linga, koma lero timati boma lalamula, boma lakweza msonkho, ngati kuti mpanda uli ndi pakamwa.

Nanga nyumba yaikuluyo ankaimanga ndi chiyani? Ndi zidina. Dothi la m'mphepete mwa Nile, kusakaniza ndi mchenga ndi mapesi odulidwa tizidutswa, kuponda ndi mapazi, kuthira m'chikombole cha thabwa, kuyanika padzuwa. M'manda a nduna ina yotchedwa Rekhmire, ya cha m'ma 1450 BC, muli chithunzi cha anthu oumba: wina akutunga madzi padziwe, wina akukanya dothi ndi khasu, wina akuchotsa chikombole, ena asenza zidina zouma pa mtengo wa paphewa. Aliyense amene anaumbapo zidina ku Chimwala kapena ku Malindi angazindikire ntchito iliyonse pachithunzipo popanda womufotokozera. Kwa ophunzira Chiarabu: mawu akuti tub, otanthauza njerwa, anachokera ku Chiiguputo chakale chomwecho.

Nyumba yachifumu imene akatswiri ofukula zakale amaidziwa bwino ndi ya Amenhotep III, amene analamulira kuyambira cha m'ma 1390 BC, pa nthawi imene Iguputo anali pachimake pa chuma. Ili kutsidya kwa mzinda wa Luxor, pamalo amene lero amatchedwa Malkata, mawu a Chiarabu onena za malo otolapo zinthu, chifukwa anthu a m'midzi yozungulira ankatolapo mikanda ndi mapale. Eni ake ankaitcha Nyumba ya Chisangalalo. Sinali nyumba imodzi yosanjikizana ngati ya m'gemu. Unali mudzi wathunthu: nyumba ya mfumu, nyumba za akazi ake ndi ana, mabwalo olandirira alendo, nkhokwe, makhitchini, nyumba za nduna, timisewu ta antchito, ndi doko lokumba ndi manja lotalika makilomita oposa awiri. Makoma onse anali a zidina, zina zodindidwa dzina la mfumu. Nsanamira zinali za mitengo, zoimikidwa pa mwala kuti zisaole. Mwala unkaoneka pa maziko a nsanamira, pa mafelemu ena a zitseko, ndi m'bafa, momwe munali mwala wafulati woimapo mfumu wantchito akuithira madzi ochokera mumtsuko. Mfumu ya dziko lamphamvu kuposa onse pa nthawiyo inkasamba madzi otunga, monga timachitira ife ndi chidebe.

Kukongola kwake kunali m'kuzira ndi m'utoto. Ankakulungiza makoma ndi dothi losalala, kupaka njereza, kenako kujambula. Pansi ankajambula dziwe la nsomba ndi abakha akuuluka m'gumbwa. Kudenga kwa chipinda chogona mfumu kunali miimba yotambasula mapiko. Ndipo pa masitepe okwerera pampando wachifumu anajambulapo adani omangidwa manja kumbuyo, kuti mfumu iziwaponda tsiku lililonse pokwera. Amayi a kuno amene amazira khonde ndi dothi lakuda ndi lofiira n'kulemba maluwa pakhoma Eid ikamayandikira akuchita luso la mtundu womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti iwo sajambula anthu oti aziwaponda.

Chimene chinatisangalatsa kwambiri pa Malkata ndi dzala. Ofukula a ku Metropolitan Museum ya ku New York, amene anagwira ntchito pamalowo pakati pa 1910 ndi 1920, anatola mapale a mitsuko oposa 1,000 olembedwa ndi inki: muno muli nyama yofutsa, muno mafuta, muno uchi, muno vinyo, chaka chakuti cha mfumu, kuchokera kumunda wakuti, wokonza wake ndi uje. Zili ngati mmene timalembera maina pa matumba a chimanga popita kuchigayo. Mbiri ya nyumbayo, zaka za zikondwerero zake ndi maina a amene ankaidyetsa, yadziwika kuchokera m'zinyalala zimenezi kuposa m'makoma ake, amene lero ambiri safika ndi m'chiuno momwe.

Kodi anthu odziwa kusema miyala yolemera ngati njovu zingapo analekeranji kumangira mfumu yawo nyumba ya mwala? Sikuti analephera. Zidina zimasunga kuzizira masana ndi kufunda usiku, zimamangika msanga, ndipo ku Luxor mvula imatha chaka osagwa. Mfumu iliyonse inkafuna nyumba yakeyake, nthawi zina zingapo, ndipo sikanadikira zaka makumi awiri. Koma chifukwa chachikulu chinali m'maganizo awo. Mwala ankausungira akachisi a milungu yawo ndi manda, zimene ankati n'zamuyaya. Nyumba ya munthu wamoyo, ngakhale mfumu, ankaiona ngati pogona pa mlendo. N'chifukwa chake alendo okaona Iguputo lero amaona manda ndi akachisi, ndipo okonza mafilimu ndi magemu akafuna kujambula nyumba ya Firiauna amabwereka nsanamira za kachisi n'kuikamo bedi.

Mwana wa Amenhotep, Akhenaten, anasiya Luxor n'kukamanga mzinda watsopano m'chipululu, pamalo amene lero ndi Amarna, cha m'ma 1346 BC. Mzindawo unakhala zaka zosakwana 20, iye atamwalira unasiyidwa. Nyumba yake yaikulu yochitira miyambo inali ndi mabwalo a mwala, koma mafumu otsatira anagumula miyalayo n'kukamangira zina. Zotsala za zidina zinakumana ndi tsoka lina. Chidina chakale chikafumbutuka chimasanduka manyowa abwino, amene alimi a ku Iguputo amawatcha sebakh, ndipo kwa zaka zambiri akhala akukumba mizinda yakale n'kukathira m'minda. Mu 1887 mayi wina wa m'mudzi, akukumba manyowa otere pa Amarna, anapeza timapale tadothi tolembedwa. Anali makalata a ku ofesi ya mfumu, oposa 300, ochokera kwa mafumu a ku Babylon, Assyria ndi mizinda ya ku Sham, ena opempha golide, ena odandaula kuti asilikali sakubwera. Mu 1891 Mngelezi Flinders Petrie anafukula pansi pa chipinda china pojambulidwa mokongola, n'kumangapo denga kuti alendo aziona. Mu 1912 anthu a m'mudzimo, atatopa ndi alendo owapondera mbewu popita kukaona, anapaphwanya. Tikamawerenga izi sitifulumira kuweruza mlimiyo. Tikudziwa mmene zimawawira pamene malo a m'mbali mwa nyanja asanduka okondweretsa alendo, mwini mudzi n'kusowa podutsa popita kukachapa.

Pa Amarna pomwepo pali chinthu chimene gemu iliyonse imachidumpha. Gulu la akatswiri limene linkatsogozedwa ndi Barry Kemp linafukula manda a anthu wamba a mumzindawo. Ku manda a kumpoto, amene anayamba kufukulidwa mu 2015, mafupa ambiri anali a ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 7 ndi 25, ochuluka osakwana zaka 15. Misana yawo inali yovulala ndi mfundo zoperepeseka monga zimakhalira ndi munthu wosenza katundu wolemera tsiku ndi tsiku, ndipo anaikidwa okulungidwa m'mphasa, ena angapo m'dzenje limodzi. Msinkhu wawo ndi wa ana a m'kalasi yathu. Mnyamata wathu akanabadwira kumeneko, mwayi waukulu ndi wakuti sakanakwera padenga la mfumu kukaona nyanja. Akanakhala pansi, atasenza mwala.

Mzinda umene ambiri amauyerekeza ndi nthawi ya Mneneri Musa ndi Pi-Ramesses, likulu la Ramesses II, amene analamulira zaka 66 kuyambira 1279 BC. Unali kumpoto chakum'mawa, kumene Nile amagawikana asanathire m'nyanja. Mphanda ya mtsinje imene mzindawo unkadalira itakwiririka ndi matope, mafumu otsatira ananyamula miyala ndi ziboliboli zake kupita nazo ku Tanis, mpaka akatswiri anasokonezeka kwa zaka zambiri poganiza kuti Tanis ndiye Pi-Ramesses. Malo enieni ali pamudzi wa Qantir, pansi pa minda. Ofukula a ku Germany motsogozedwa ndi Edgar Pusch anapezapo makola okwana mahatchi oposa 400, ndipo misewu ndi maziko a nyumba anaziona ndi makina oyeza za pansi pa nthaka, pamwamba pake mbewu zikukula. Nyumba ya mwana wake, Merenptah, ku Memphis inapsa ndi moto, ndipo nsanamira zake zamwala zimene zinafukulidwa kuyambira 1915 zili ku Philadelphia m'dziko la America. Ku Memphis komweko kuli nyumba ya mfumu Apries, ya cha m'ma 580 BC, imene m'gemu ija imaoneka itaima bwinobwino. Lero ndi chulu chachikulu cha zidina zosungunuka. Katswiri wa Chisilamu Abd al-Latif al-Baghdadi, amene anayendera mabwinja a Memphis cha m'ma 1200, anagoma ndi zimene zinali zitatsala ndipo anadzudzula anthu ophwanya zakale pofuna chuma chobisika. Miyala yambiri ya mzindawo inathera m'makoma a Cairo.

Qur'an yolemekezeka sitchula dzina la Firiauna wa nthawi ya Musa kapena mzinda wake, ndipo amene amalumbira kuti ndi Ramesses kapena Merenptah akunena maganizo a anthu, osati chivumbulutso. Koma ophunzira akumbukira kuti mu Surah Al-Qasas, pamene Firiauna anafika pachimake pa kudzikweza n'kufuna nsanja yoti akwerepo, chimene analamula Haman kuti atenthe chinali dothi. Akumbukiranso kuti mu Surah At-Tahrim mkazi wa Firiauna, amene ankakhala m'nyumba yaikuluyo, chimene anapempha kwa Allah chinali nyumba ina.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa funso la mtsikana uja silinali la Iguputo. Linali la makolo ake.

Ngati nyumba za mafumu a Iguputo, m'dziko lopanda mvula, zatsala zofika m'mawondo, nanga kuno kumene mvula imagwa miyezi inayi, chiswe chili paliponse, nyanja imakwera ndi kutsika, ndipo tinaona ndi maso mmene namondwe Freddy anagwetsera nyumba za zidina mu 2023? Kusaoneka kwa makoma si umboni wakuti kunalibe likulu. Ku Nkope, m'boma lathu lomwe lino, Keith Robinson anafukula mapale a anthu osula zitsulo amene anakhala m'mbali mwa nyanjayi zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo mtundu wa mbiya zimenezo umadziwika kwa akatswiri ndi dzina la Nkope mpaka lero. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wa Chimalawi Yusuf Juwayeyi anafukula dzala n'kupezamo mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi minyanga yosemedwa. Buku lake linatuluka mu 2020. Monga ku Malkata, chimene chinayankhula ndi dzala.

Kwa Ayao mbiri ili pafupi kwambiri. David Livingstone atafika ku Mwembe, likulu la Mataka m'dera limene lero ndi Niassa ku Mozambique, mu Julayi 1866, anapeza mzinda wa nyumba pafupifupi 1,000, zambiri zomangidwa za ngodya zinayi motengera za kugombe la nyanja ya mchere, ndi minda yothirira m'mapiri. Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao la 1919, anafotokoza mmene Mataka anabzalitsira mango pofuna kuti kwawo kufanane ndi kugombe, ndipo dzina la Mwembe likuchokera ku mtengowo. Chaka chomwecho cha 1866 Livingstone anadutsa kwa Mponda, pamene Shire amatuluka m'nyanja. Ansembe a Chikatolika a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira Disembala 1889 mpaka 1891, ndipo zolembedwa za nthawi imeneyo zimatchula madrassa khumi ndi awiri mumzindamo, iliyonse ndi mwalimu wake. Kutsidya, kwa Makanjira, ankapala madau awoawo owolokera nyanja. Mu Okutobala 1891 Harry Johnston anaomba mzinda wa Mponda ndi mizinga, kenako anatentha wa Makanjira. Mu Disembala chaka chomwecho anthu a Makanjira anapha Kaputeni Cecil Maguire, ndipo mu 1892 Jalasi anagonjetsa gulu la asilikali a Angelezi n'kuwalanda mzinga, mpaka pamene mzinda wake wa paphiri unagwa mu 1895. Apwitikizi analanda Mwembe mu 1912.

Taonani zimene zatsala zoti mwana aone ndi maso. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yemwe sanafikepo kuno. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen. Kumapiri kuli makoma a Fort Mangochi, pamalo pamene panali mzinda wa Jalasi. Wogonjetsa anamanga ndi njerwa zootcha ndi miyala, wogonjetsedwa anamanga ndi dothi, mitengo ndi udzu, ndipo moto ndi mvula zinamaliza zotsalazo. Mwana woyenda pa boma lero angaganize kuti mbiri ya Mangochi inayamba ndi Fort Johnston. Mwana yemweyo akayatsa kanema amapeza Alexandria yense ataimikidwanso, khomo ndi khomo, chifukwa kampani ina inalemba ntchito anthu mazanamazana kwa zaka zingapo. Mzinda wa Mponda palibe amene wauimikanso, ngakhale papepala la m'buku la sukulu.

Koma tisadzinamize ngati mmene gemu imanamizira. Ulemerero wa Mponda, Makanjira ndi Mataka unachokera ku minyanga ndi ku akapolo. Nsalu, mfuti, onga ndi mikanda zimene zinkadzaza nkhokwe za mafumuwa zinkagulidwa ndi anthu ogwidwa m'midzi ya Amang'anja, Achewa ndi Ayao anzawo, n'kuyendetsedwa m'magoli mpaka ku Kilwa ndi madoko ena. Mzinda wa madrassa khumi ndi awiri unalinso msika wa anthu. Ena mwa ife amene tikuwerenga tsamba lino ndife zidzukulu za ogulitsa, ena za ogulitsidwa, ambiri za onse awiri, ndipo m'mabanja mwathu nkhaniyi imanenedwa motsitsa mawu. Amene akufuna kunyadira Mwembe ayenera kunyamulanso zimenezi, monga wosirira Amarna ayenera kuona manda a kumpoto aja.

Lolemba lotsatira tinabwerera m'kalasi ndi chidina chimodzi chimene tinabwereka kwa oumba a kuseri kwa madrassa. Tinachiika patebulo n'kufotokoza zonsezi mwachidule. Mtsikana uja anachitembenuza, n'kufunsa ngati cha Firiauna chinali chachikulu kuposa ichi. Tinati zina zinali zokulirapo, ndipo zinali ndi mapesi ambiri. Mnyamata wa gemu uja sanakhutire msanga. Anati ngakhale zili choncho, nyumba ya m'gemu ndi yokoma kukwera. Tinavomera.

Kenako tinawafunsa kuti, atapatsidwa makompyuta ndi ndalama zoti apange gemu ya kwa Mponda wa 1890, angayambire pati. Mayankho anabwera ngati mvula: doko la madau, bwalo la mfumu, mpanda, msika, ana akuwerenga pa mbao, ng'ona za mu Shire. Wina anati afunse agogo ake a kwa Mponda kuti mzinda wakale unkalekezera pati, ndipo tagwirizana kuti Eid ikadutsa tidzapita kukapempha akuluakulu a kumeneko kuti atiyendetse. Mkangano unabuka pa chinthu chimodzi: wosewera adzakhala yani? Anyamata ambiri anafuna kukhala mfumu kapena msilikali wa Makanjira. Wina anati mwalimu wochokera kugombe. Mtsikana uja anati iye akufuna mwana amene wagwidwa kumudzi kwawo ndipo akufunafuna njira yothawira dau lisananyamuke. Adhana ya Maghrib inawapeza asanamvane.